Yambani mwayesa sikelo

Aliyense amene anagulitsako thonje pa Ngabu amadziwa kuti mzere ukatalika, anthu amayamba kudandaula za shedi kapena lole yochedwa, pamene chikuchedwetsa ndi kalaliki mmodzi yemwe watopa pa sikelo.

Mphwanga anaiwala zimenezi. Namondwe Freddy atasakaza chigwa chathu mu Malichi 2023, bungwe lomwe ankagwirako ntchito linkafuna database yolembamo mabanja okhala m'misasa ya ku Bangula. Nkhawa yake inali tsiku lomwe alembi onse adzatumize maina nthawi imodzi. Anaika PostgreSQL pa seva ya mu ofesi, n'kutenga pgbench, pulogalamu yomwe imayerekeza anthu ambiri akufunsa database pakamodzi n'kuwerenga ntchito zomalizidwa pa sekondi. Anaiyendetsa pa laputopu yake yakale, m'kachipinda kotentha ngati uvuni.

Ataika ofunsa 10, zinayenda. Atafika pa 200, manambala anaima nji. Iye sanachedwe: “Seva ndi yofooka, tigule ina.” Ndalama zinatuluka, seva yatsopano inafika kuchokera ku Blantyre. Atayesanso, manambala anali omwe aja.

Mayi wina wa ntchito yomweyi atabwera kudzacheza, sanayang'ane seva ayi. Anatsegula top, pulogalamu yoonetsa mmene kompyuta ikugwirira ntchito, pa laputopu ija. pgbench inali itadzaza core imodzi mpaka 100 peresenti, seva ikungowodzera.

“Achimwene,” anatero mayiwo, “chala chimodzi sichiswa nsabwe.”

Munthu akapanda kuika -j, yomwe imauza pulogalamuyi chiwerengero cha ma thread, pgbench imasenzetsa thread imodzi ofunsa onse. Thread yomweyo ndiyo imatumiza funso, kulandira yankho ndi kuwerenga nthawi. Komanso laputopu ikatenthetsa imadzichepetsera liwiro. Mphwanga ankayesa kutopa kwa chida chake, n'kumati akuyesa database. Ngakhale buku la malangizo a PostgreSQL limachenjeza kuti ofunsa akachuluka, pgbench yeniyeniyo itha kukhala yochedwetsa.

Inu amene mumayesa makina otere, yang'anani mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Chida choyesera chikhale pa kompyuta yakeyake yamphamvu, osati yomwe pali database. Onjezani ma thread. Manambala akakwera seva musanaigwire, dziwani kuti amene anatopa ndi woyesayo.

Seva yakale ija ikadali mu ofesi, yopanda vuto lililonse. Mphwanga akamaidutsa amangoyang'ana kumbali.