Kadimba ka pa msasa wa kuphiri: ndiwo za chigubu chimodzi cha madzi

Ambiri a ife a m'mbali mwa nyanja timadya pawiri, kunyanja ndi kumunda wa kumtunda. Ukakwera msewu wochokera ku Mangochi boma kudzera ku Chowe kulowera ku Namwera, umaona tinyumba ndi misasa m'malape a mapiri, momwe mabanja amagonera nthawi yolima, yolondera anyani ndi yokolola. Ena anakhazikika komweko. Ufa kumeneko suvuta kwenikweni, chovuta ndi ndiwo. Mwera ukalimba mu June ndi July mabwato amakhala pamtunda masiku angapo, usipa n'kukwera mtengo, ndipo wa kuphiri ndiye amayamba kuusowa. Nyanja ikatsekedwa kuti chambo chiswane, nkhani ndi yomweyo. Phunziro lathu lero ndi la kadimba kakang'ono ka pakhomo pa msasa, komwe chitsime chili kutali ndipo dontho lililonse limabwera pamutu.

Tiyambe ndi kuwerenga madzi tisanagwire khasu. Ife ozolowera dimba la kudambo timayeza munda ndi maso, n'kumati malo alipo, tiyeni tilime. Kuphiri malo ndi ambiridi, koma amene amalamula kukula kwa dimba ndi chigubu. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo wochikweza phiri nthawi zambiri ndi mayi kapena mwana. Nyengo yotentha, bedi la masamba limamwa malita pafupifupi 5 pa tsiku pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Ndiye bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita atatu m'litali likufuna malita ngati 15 tsiku lililonse. Likaphimbidwa bwino limamwa ocheperapo, ndipo m'miyezi yozizira limachepetsanso. Choncho banja lotha kupatula chigubu chimodzi pa tsiku liyambe ndi bedi limodzi basi, kenako lachiwiri likaona kuti madzi akutsala. Mabedi khumi ofota mu September sapatsa munthu ndiwo, angomaliza mphamvu za wotunga.

Madzi ena tili nawo kale, kungoti timawataya. Otsukira mpunga, otsukira masamba, otsukira nsomba yaiwisi, onsewa mbewu zimawakonda. A wudhu nawonso: tikamachitira pa beseni m'malo mwa pa dothi, kasanu pa tsiku kwa banja lonse, madzulo timapeza okwanira kuthirira. Amene tiyenera kuwapewa ndi a mchere, monga otsukira nsomba yothira mchere, komanso a sopo wambiri wa ufa, chifukwa mchere ukaunjikana m'bedi laling'ono masamba amapsa m'mbali ndipo nthaka imauma gwa. Madzi ogwiritsa kale ntchitowa tizithira pansi pa mbewu, osati pa masamba amene tikukadya. Ngati kanyumba n'kamalata, pali mwayi wina. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa denga la mita imodzi mbali zonse imapereka lita imodzi. Denga la mamita 3 kwa 4 pa mvula ya mamilimita 20 likhoza kupereka malita pafupifupi 240, kuposa mgolo wa malita 200. Koma mgolowo uzikhala wovundikira, apo ayi tikuweta udzudzu pakhomo.

Tsopano malo. Tisankhe pafupi ndi khomo, poti maso aziona, pamene dzuwa la m'mawa limafika koma masana pamagwa kamthunzi. Pa malo otsetsereka bedi ligone mopingasa phiri, lisatsike nalo. Alangizi a zaulimi amaphunzitsa kupeza mzere wolingana ndi chipangizo cha timitengo titatu tomanga ngati chilembo A, chokhala ndi chingwe ndi mwala pakati, chomwe chija timakonzera akalozera. Kumunsi kwa bedi tiyale mzere wa miyala, yomwe kuphiri siyogula, ndipo kuseri kwake tibzale udzu wa vetiva kuti ugwire dothi.

Apa ndi pamene a kudambo ambiri amalakwitsa. Kudambo timakweza bedi kuti madzi achoke. Kuphiri tikufuna madzi akhale, ndiye bedi limalowa pansi. Tikumbe masentimita 30 kapena 40, dothi lakuda la pamwamba tiliike padera. Tichotse miyala, pansi tiyale masamba ouma ndi zinyalala zowola, kenako tibwezere dothi lakuda lija losakaniza ndi manyowa owola bwino a mbuzi kapena a nkhuku. Osadzaza mpaka pamwamba. Pasale kadzenje ka masentimita ngati 10 kuti madzi othirira asathawe. Manyowa ndiwo amagwira madzi m'dothi la miyala ngati limeneli, ndiye tisaumire nawo. Matumbo ndi mamba a nsomba ndi chakudya chabwino cha nthaka, koma tizikwirira mozama m'dzenje la kompositi, chifukwa zikakhala pamwamba agalu afukula bedi lonse usiku umodzi. Siyaninso kampata kumbali kotulutsira madzi mvula ikachuluka mu January, mbewu zingamire.

Tikabzala, nthaka isakhale pamtetete. Tiphimbe ndi udzu wouma, mapesi kapena makoko a mtedza, mulu wokhuthala ngati zala zinayi, koma usakhudze tsinde la mbewu. Chiswe chibwera, inde, koma kawirikawiri chimatanganidwa ndi udzu woumawo. Ukatha timangowonjezera wina. Tizithirira m'mawa tikatha kuswali kapena madzulo dzuwa litapepa. Musanathire, pisani chala pansi pa udzu. Ngati pali chinyontho, chigubu chisungeni, mawa kuliko. Kuthirira mokwanira mwa apo ndi apo kumatsitsa mizu pansi, pamene kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse kumaisiya pamwamba pomwe dzuwa limaiwotcha.

Njira imene ife timaikonda kwambiri ndi ya mtsuko wadothi. Tengani mtsuko wosapaka utoto, ngakhale wakale uja womwe umadontha thukuta, muukwirire pakati pa bedi mpaka m'khosi, mudzaze madzi n'kuvundikira ndi mbale. Madzi amatuluka okha kudzera m'dothi la mtsuko, ndipo amatuluka kwambiri nthaka ikauma, ikanyowa amachepa. Mbewu zinayi kapena zisanu zobzalidwa mozungulira, kutalikirana ndi mtsuko ngati chikhatho chimodzi, zimakulunga mizu pamenepo. Ubwino wake kwa msodzi ndi woti akhoza kutsikira kunyanja masiku awiri kapena atatu mbewu zikumwa zokha. Wopanda mtsuko aboole timabowo tating'ono pansi pa botolo la pulasitiki, alikwirire chimodzimodzi. Limathandiza ngakhale limatha msanga. Pamene pali thanthwe losakumbika, thumba la makilogalamu 50 lodzaza dothi ndi manyowa, lokhala ndi mzati wa timiyala pakati pothirira madzi, limabereka masamba pamwamba ndi m'mbali momwe.

Nanga tibzalemo chiyani? Kabichi, repu ndi tchainizi n'zokoma, koma ndi zaludzu, ndipo nsabwe zimazikonda. Ngati mukuzifuna, zibzaleni pang'ono mu April mpaka July kukuzizira, pafupi ndi mtsuko. Msana wa kadimba aka ukhale ndiwo zathu zomwe: bonongwe, luni, denje, chisoso, khobwe wa chitambe, therere. Izi zinazolowera dzuwa la kuno, mbewu yake timasunga tokha, ndipo bonongwe pakatha milungu inayi kapena isanu wayamba kale kuthyoledwa. Ena amaziona ngati ndiwo za osauka. Kaya, koma mwana amene akudya bonongwe wotendera akupeza za magazi zimene kabichi sangampatse mofanana. M'mphepete mwa mpanda tiike zokhalitsa: chinangwa cha chigwada, mbatata ya kholowa, nandolo, ndi mtengo umodzi kapena iwiri ya chammwamba. Izi zikagwira sizifunanso kuthiriridwa kawirikawiri, ndipo nandolo amatchinga mphepo yomwe imaumitsa bedi.

Mpanda usachedwe, umangidwe mbewu zisanamere. Mbuzi imodzi imatha ntchito ya mwezi wonse nthawi imene mayi akuvundula nsima. Nsungwi, mapesi a mapira kapena minga zikukwana, osachita kukadula mitengo m'nkhalango ya Namizimu, yomwe ndi yotetezedwa ndipo imasunga akasupe omwe timatungamo. Anyani ndi apusi mpanda sauopa, n'chifukwa chake tinati dimba likhale pakhomo.

Nthawi yabwino yoyambira ndi kumapeto kwa mvula, mu March kapena April, nthaka ikadali ndi chinyontho, kuti mizu itsike dzuwa lisanakule. Masamba akachuluka mu May ndi June tisawasiye akhwime. Tifutse, tiyanike, tisunge mfutso. Ikafika October, kasupe ataphwa ndipo mzere wa pa mjigo watalika, palibe chifukwa cholimbana ndi bedi lonse. Madzi ochepawo apite kwa mbewu za pa mtsuko, kwina konseko kuphimbidwe ndi udzu wochuluka kudikira mvula yoyamba, ndipo timitengo tingapo ta bonongwe ndi luni tisiyidwe kuti tikhwime, tipeze mbewu ya chaka chamawa.