SUKULU YA PAKHOMO NDI CHIPATA CHA M'THUMBA



Tsiku lina Misa itatha, bambo wina ndi mkazi wache anadza kwa ine ndi funso lolemera. Ali ndi ana awiri, kamnyamata ka zaka 6 ndi mtsikana wa zaka 14. Mtsikanayo anayamba kubwera kunyumba ndi mau ndi makhalidwe amene sanawaphunzire pakhomo, ndipo mbale wao wokhala ku South Africa anawalangiza kuti achite monga achitira iye, ndiko kuchotsa ana ku sukulu ndi kuwaphunzitsa okha. Anati: "Bambo, kodi Eklezia alola zimenezi?" Ndisanayankhe ndinawafunsa ngati mtsikanayo agona ndi foni m'chipinda mwache. Anayang'anana, navomera. Phunziro lathu lichokera pomwepo, pakuti funso la sukulu ndi funso la foni ndi limodzi: kodi ndani akuphunzitsa mwana wanu?

1. UDINDO WA KULERA NGWA YANI?

Eklezia aphunzitsa kuyambira kale kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana ao, chifukwa ndiwo anawapatsa moyo. Papa Pius XI analemba zimenezi mu 1929, pamene boma la ku Italy linali kufuna kutenga achinyamata onse kuti liwaumbe monga linafunira. Aepiskopi a dziko lonse anabwereza chiphunzitso chomwecho mu 1965 pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, ndipo Malamulo a Eklezia a 1983 apatsa makolo ufulu wosankha njira imene aona kuti ithandiza kulera ana ao mwachikristu. Chotero munthu wophunzitsa mwana wache pakhomo sachimwa ai. Koma malamulo omwewo alemekeza sukulu monga chithandizo chachikulu cha makolo, nawapempha kuti agwirizane ndi aphunzitsi. Eklezia salamula njira imodzi. Afunsa chokhachi: kodi njira imene mwasankhayo ipindulitsa mwanayo m'nzeru, m'thupi ndi mumzimu? Ufulu umenewu unapatsidwa kwa makolo chifukwa cha mwana, osati chifukwa cha mantha kapena kunyada kwao.

2. MMENE ZICHITIKIRA M'MAIKO ENA

Popeza ambiri a ife tili ndi abale kunja amene atiuza za sukulu ya pakhomo, nkwabwino kudziwa mmene zilili kumeneko. Ku America kuphunzitsa ana pakhomo nkololedwa m'zigawo zonse 50 kuyambira 1993, ndipo mabanja ochita zimenezi anachuluka kwambiri pa nthawi ya mliri wa Covid-19. Ku England lamulo la 1996 lisenzetsa kholo udindo woona kuti mwana alandira maphunziro okwanira, ku sukulu kapena mwa njira ina, koma wosankha njira inayo kawirikawiri alipira yekha mabuku ndi mayeso. Ku South Africa lamulo lilola, komatu mwanayo ayenera kulembetsedwa kwa akulu a maphunziro a m'chigawo chache. Ku Germany nkoletsedwa, ndipo makolo okana kutumiza ana ku sukulu alipitsidwa.

Kumene ntchito imeneyi iyenda bwino, mupeza kuti kholo limodzi lasiya ntchito ya malipiro, m'nyumba muli mabuku, ndipo mabanja angapo asonkhanitsa ana ao kuti aphunzire ndi kusewera pamodzi. Kwathu kuno maphunziro a pulaimale ngaulere kuyambira 1994, lamulo la 2013 linena kuti ngokakamiza, ndipo satifiketi ya Sitandade 8 ndi ya Fomu 4 zidzera m'mayeso a MANEB. Tsono munthu asachotse mwana asanafunse ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lache kuti mwanayo adzalemba bwanji mayeso.

3. ZIMENE TINAONA MU 2020

Nafenso tinalawako. Pa 23 Marichi 2020 sukulu zonse za m'Malawi zinatsekedwa chifukwa cha mliri, ndipo zinayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala. Kwa miyezi yoposa 5 ana anali pakhomo. Maphunziro ena anaulutsidwa pa wailesi, ndipo m'mabanja mmene munthu wamkulu anakhala pansi ndi ana, anawo anapindula. Koma tonse tikumbukira kuti atsikana zikwizikwi anatenga pathupi kapena kulowa m'banja msinkhu usanakwane, ambiri osabwereranso m'kalasi. Sindinena kuti imeneyo ndiyo sukulu ya pakhomo, pakuti palibe amene anaikonzekera. Koma inatiphunzitsa kuti mwana kukhala pakhomo si ndiye kuti akuphunzira, ndiponso si ndiye kuti watetezeka.

4. MWANA WAMNG'ONO

M'mera mpoyamba. Mwana wa zaka 4 mpaka 7 asowa zinthu zimene kholo lodziwa kuwerenga lingathe kumpatsa: chilankhulo chache, nthano, zilembo, kuwerengera ndi nyemba kapena timiyala, mapemphero, ndi nthawi yambiri yosewera. Sangathe kukhala phee nthawi yaitali, ndipo kamphindi kochepa tsiku lililonse kaposa maola ambiri kamodzi pa sabata. Kumene sukulu ili kutali, kumene mtsinje udzala nthawi ya dzinja, kapena mwana ali wodwaladwala, kumphunzitsa pakhomo kwa kanthawi kungakhale kwanzeru. Koma mabanja ambiri sayenera kusankha chimodzi nkutaya china: mwana apite ku sukulu m'mawa, ndipo madzulo mai kapena bambo atsegule kope lache naone chimene walemba.

Chenjerani ndi kusandutsa foni mlezi. Mu 2019 bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalangiza kuti ana osakwana zaka 2 asamaonere zithunzi za pa foni kapena pa kanema, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Mwana aphunzira kulankhula poyang'ana nkhope ya munthu womyankha.

5. MNYAMATA NDI MTSIKANA

Ndi wa zaka 13 mpaka 18 nkhani isintha. Ndi makolo owerengeka okha amene angaphunzitse masamu ndi sayansi za ku sekondale. Ndiponso pa msinkhu umenewu munthu aphunzira zambiri kwa anzache: kupikisana, kugonja, kukhululuka, ndi kukana choipa pamene ena achivomera. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ambuye Yesu omwe, ali ndi zaka 12, anapezeka m'Nyumba ya Mulungu pakati pa aphunzitsi, akumvetsera ndi kufunsa, ndipo pambuyo pache anabwerera ku Nazareti namvera makolo ache. Zonse ziwiri zinali zoyenera.

Zifukwa zenizeni zochotsera mwana wamkulu ku sukulu zilipo: matenda, kuzunzidwa ndi anzache kosalekeza, kapena munthu wamkulu amene amnyengerera zoipa. Pamenepo chotsani mwana msanga, komanso kanenani mlanduwo, kuti ana a anzanu asagwe m'mbuna yomweyo. Koma ngati chifukwa chache ndi mantha chabe, yambani mwadzifunsa: Ndani adzakhala naye masana ife tili ku munda kapena ku ntchito? Adzalemba kuti mayeso? Adzacheza ndi yani? Ndipo mwini wacheyo tamfunsa? Mwana wa msinkhu uwu akatsekeredwa osamvedwa, afunafuna potulukira, ndipo masiku ano potulukirapo pali m'thumba mwache.

6. CHIPATA CHA M'THUMBA

Kale mpanda wa nyumba unali malire: mlendo wofuna kulankhula ndi mwana wanu anayamba waodira kwa inu. Lero mlendo alowa pa Facebook, pa TikTok kapena pa WhatsApp usiku inu muli m'tulo. Mwana wophunzira pakhomo, amene maphunziro ache ambiri adzera pa intaneti ndipo anzache ngochepa, angakhale pa chipata chimenechi nthawi yaitali kuposa wa ku sukulu.

Tidziwe mmene masamba amenewa agwirira ntchito. Ambiri salipiritsa, chifukwa phindu lao lichokera kwa otsatsa malonda. Tsono asonkhanitsa mbiri ya munthu: zaka zache, kumene ali, anzache, ndi zimene ayang'ana nthawi yaitali, kuti amuonetse zomkoka mtima asachoke. Mu 2018 zinaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica inatenga mbiri za anthu a pa Facebook okwana mwina 87 miliyoni, ambiri osadziwa. Masamba ambiri anena kuti wolembetsa akhale wa zaka 13, potsata lamulo la ku America la 1998 loteteza mbiri za ana, koma mwana anganame zaka mosavuta. Boma la Australia linaona kuti zimenezo sizikwanira, ndipo kuyambira pa 10 Disembala 2025 lamulo lao liletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi akaunti pa Facebook, Instagram, TikTok ndi ena otere.

Choopsa china nchakuti chimene chatumizidwa sichibwerera. Chithunzi chotumizidwa kwa mnzako mmodzi angathe kuchisunga ndi kuchigawira gulu lonse. Alipo anthu odzionetsa ngati anyamata kapena atsikana anzao, amene apempha chithunzi chamaliseche, ndipo akachilandira aopseza kuti achiulutsa akapanda kupatsidwa ndalama. Mwana wogwidwa chotero achita manyazi nakhala chete. Muuzeni zisanachitike kuti akalakwa abwere kwa inu, ndipo mudzayamba mwamthandiza musanamdzudzule. Lamulo la dziko lathu la 2016 la za intaneti lilanga ofalitsa zithunzi zolaula za ana ndi ozunza anzao pa foni. Apolisi ndi nambala yothandiza ana ya 116 alipo chifukwa cha milandu yotere.

7. CHINSINSI CHA MWANA

Lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu silingoletsa bodza lokha. Liletsanso kuipitsa mbiri ya mnzathu ndi kuulula zinsinsi zache popanda chifukwa chokwanira, ndipo Malamulo a Eklezia, pa nambala 220, ateteza mbiri yabwino ndi moyo wamseri wa munthu aliyense. Mwana nayenso ndi munthu. Komatu kawirikawiri woyamba kuulula za iye ndi kholo lache. Tiika chithunzi chache atavala yunifolomu, dzina lonse ndi tsiku lobadwa zili pomwepo, ndipo mlendo adziwa kale dzina lache, sukulu yache ndi pomdikirira. Tiika kanema wache akulira kapena akusamba kuti anthu aseke. Tiulutsa zotsatira za mayeso, kapena kudandaula za kulakwa kwache m'gulu la WhatsApp la mphakati. Masiku ano makompyuta athanso kusintha chithunzi chabwino kukhala chonyansa. Mwanayo adzakula, nadzapeza zonsezo zikumdikira pofunsira ntchito kapena banja. Inunso akatekisiti, musaike zithunzi ndi maina a ana a Ukaristia woyamba kapena a Ulimbitso pa masamba oonedwa ndi aliyense makolo ao asanavomere.

Nanga kholo liwerenge mauthenga a mwana? Kwa wamng'ono palibe funso, pakuti sayenera kukhala ndi akaunti yache. Kwa wamkulu, mgwirizane poyera kuti mudziona foni nthawi ndi nthawi iye ali pomwepo, ndipo muonjezere ufulu pamene aonetsa kukhulupirika. Kuzonda mobisa kusungidwe pa nthawi imene muona zizindikiro za ngozi yeniyeni. Papa Francis, m'kalata yache ya 2016 yonena za banja, anachenjeza kuti kholo lotanganidwa ndi kulondalonda mwana paliponse silingamkhwimitse, ndipo kuti chofunika koposa nkudziwa kumene kuli mtima wache.

8. ZOYENERA KUCHITA

Foni zonse za m'nyumba, ndi za makolo zomwe, zigone pamalo amodzi, osati ku zipinda. Pa chakudya ndi pa mapemphero a madzulo foni isakhalepo. Khalani pansi ndi mwana, mutseke akaunti yache kuti aone okhawo amene awadziwa ndi maso, ndipo muzimitse choonetsa kumene ali. Asapereke nambala yachinsinsi kwa bwenzi. Musanaike chithunzi chache, mfunseni. Ndipo mwana wophunzira pakhomo asasowe ku Tilitonse, ku kwaya, ku gulu la achinyamata ndi ku mpira, kuti anzache akhale anthu ooneka ndi maso.

Banja lija ndinaliuza kuti Eklezia sawaletsa, koma asachotse mtsikanayo ku sukulu asanachite zitatu: kumva kwa iye mwini chimene chikuchitika, kukaonana ndi aphunzitsi ache, ndi kuchotsa foni ku chipinda usiku. Pakuti akanamtsekera pakhomo foni ili m'manja, akanamchotsera aphunzitsi amene awadziwa namsiyira amene sawadziwa. Tsiku lidzafika limene mwana adzachoka pamaso panu, ndipo mpanda umene adzapita nao ndi wokhawo umene munamanga mumtima mwache. Banja Loyera la ku Nazareti likuthandizeni pa ntchito imeneyi.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. Kodi Eklezia aphunzitsa chiani za udindo wa makolo ndi wa sukulu?
2. Mwana wa zaka 6 ndi wa zaka 14 asiyana bwanji pa zimene asowa?
3. Tinaphunzirapo chiani m'mudzi mwathu pamene sukulu zinatsekedwa mu 2020?
4. Kodi ine ndinaikapo za mwana wanga zimene iye adzachita nazo manyazi?
5. Mphakati wathu ungathandize bwanji banja limene mwana wache waopsezedwa pa foni?