Kuzira, kumata, kupaka: liwu la Chingerezi lakuti “smear”

Amayi anzanga, m'phunziro la mwezi uno tiona liwu limodzi lokha la Chingerezi. Limalembedwa “smear”, ndipo potchula limamveka ngati “simiya”. Mayi angathe kukhala zaka zambiri osalimva liwuli kumudzi, koma tsiku lina n'kulipeza litalembedwa m'kabuku kake ka kuchipatala, pa nthawi yomwe mtima uli kale m'mwamba. Ndi bwino tilidziwiretu tili phee pa mkeka.

Tiyambe ndi zomwe manja athu akudziwa. Ife pa Chichewa ntchitoyi tinaigawa bwino. Pansi m'nyumba ndi pakhonde timazira ndi mtsiro, kenaka n'kukulungiza. Nkhokwe timamata ndi dothi. Mafuta timadzola, mankhwala a pachilonda timapaka. Wina atati akukadzola nkhokwe, tonse tingafe ndi phwete. Koma Mngerezi pafupifupi zonsezi angazinene ndi “smear”, kutanthauza kutenga chinthu chofewa, chonata kapena chamafuta n'kuchiyala pamwamba pa chinthu china ndi dzanja, chala kapena kansalu.

Chiganizo chake chimamangidwa m'njira ziwiri. Mungathe kunena kuti “She smeared mud on the wall”, kapenanso “She smeared the wall with mud”. Zonse n'zolondola, monga momwe ife timanenera kuti anapaka matope pakhoma, kapena anapaka khoma ndi matope. Kaliwu ka “on” kamatsogolera malo opakidwa, ka “with” kamatsogolera chinthu chopakiracho. Zikakhala zochitika kale, timaonjezera “ed” kumapeto.

Chenjerani pang'ono, chifukwa kwa eni chiyankhulo liwuli limanunkhira uve ndi kusasamala. Mwana akadzinyika phala kumaso konse amati “The baby smeared porridge on his face”. Majarini pa buledi amati “spread”, utoto pakhoma amati “paint”. Kuipitsa mbiri ya munthu ndi mabodza amatinso “to smear”, n'chifukwa chake nthawi ya chisankho mumamva pa wailesi za “smear campaign”. Ine ndimati akanaona khonde lozira bwino la ku Ulongwe kapena ku Ntaja likuwala mmawa, sakanalipatsa liwuli mbiri yonyansa chotere.

Chifukwa cha fungo limenelo, pa botolo kapena pa chubu cha mankhwala opaka simudzapezapo kawirikawiri “smear”. Amalemba “apply”, liwu lomwelija la pofunsira ntchito, koma pano likutanthauza kupaka. “Apply thinly” ndiye kuti pakani pang'ono chabe, osaunjika. “Affected area” ndi malo odwalawo. Mukaona “For external use only” dziwani kuti ndi a pakhungu pokha: osamwa, osathira m'maso, osalowetsa kwina kulikonse. Izi si za mayeso a kusukulu ayi. Pali mankhwala otchedwa chlorhexidine opaka pamchombo wa khanda kuti pasalowe tizilombo. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linachenjeza kuti m'maiko angapo a mu Africa makanda anavulala maso, ena mpaka kuchita khungu, chifukwa mankhwalawa anadonthezedwa m'maso poyesa kuti ndi a maso. Choncho musachoke pa windo lolandirira mankhwala musanafunse kuti ndipake pati, kangati, kwa masiku angati. Ndipo poti tafika pamchombo, ndinene ngati namwino wakale: ndowe, phulusa, mwaye kapena dothi zisafikepo. Ndiyo njira imene kafumbata amalowera mwa mwana.

Tsopano tibwerere ku “smear” wa m'kabuku kaja. Kuchipatala liwuli silinena za chinthu chopakidwa pa inu. Limanena za kanthu kochepa kochokera m'thupi mwanu, kamene kayalidwa mopyapyala pa kagalasi kuti kaonedwe ndi maikulosikopu, makina aja okuza tinthu tosaoneka ndi maso. Si mankhwala, ndi kuyeza. Pa ntchito yanga ndinakumanapo ndi odwala omwe ankabwerera kwawo atangopereka magazi kapena makhololo, poganiza kuti chithandizo chathera pomwepo, osadikira zotsatira.

“Blood smear” ndi ya magazi. Amabaya chala, kudontheza kadontho pa galasi, kukayala, kuumitsa, kenaka n'kuthirapo utoto wapadera kuti tizilombo ta malungo tioneke. Woyamba kutiona tizilomboti m'magazi a munthu anali dokotala wa asilikali wa ku France, Alphonse Laveran, mu 1880 ku Algeria. Masiku ano malungo amayezedwa kwambiri ndi kachipangizo kotulutsa timizere m'mphindi zochepa, komabe galasi silinathe ntchito, pakuti ndilo limasonyeza kuchuluka kwa tizilombo mwa wodwala kwambiri.

“Sputum smear” ndi ya makhololo, poyeza chifuwa chachikulu. Akalemba “smear positive” ndiye kuti tizilombo taoneka, ndipo munthuyo angathe kupatsira a m'nyumba mwake kufikira mankhwala atayamba kugwira ntchito. Koma “smear negative” sizitanthauza kuti matenda palibe. Zimangotanthauza kuti pa kagalasiko sanaone kanthu. Mwa ana, ndi mwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV, tizilombo timakhala tochepa m'makhololo, moti galasi limatiphonya. Ngati chifuwa chikupitirira, thupi likutha, thukuta likutuluka usiku, bwererani. Pali makina a GeneXpert amene amapeza zomwe diso laphonya, palinso kujambula pachifuwa.

Yachitatu ndiyo yathu ife amayi, “Pap smear”. Dzina la Pap ndi chidule cha George Papanicolaou, dokotala wobadwira ku Greece amene ankagwira ntchito ku New York. Njira yake inafala atatulutsa buku lake mu 1943. Namwino amakokola pang'ono pa khomo la chiberekero ndi kamtengo kosalala kapena kaburashi, n'kuyala pa galasi, ndipo akatswiri amaona ngati payamba kusintha kumene pakapita zaka kungasanduke khansa. Dziko lathu ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri zedi pa dziko lonse lapansi, chonsecho ikapezeka isanayambe imatetezeka.

M'zipatala zambiri za kwathu kuno njira yofala si ya galasi, ndi ya viniga, imene m'kabuku amailemba VIA. Apa pokha ndiye pali kupaka kwenikweni. Namwino amapaka viniga wosungunula pa khomo la chiberekero, kudikira pafupifupi mphindi imodzi, n'kuyang'ana ndi nyali. Malo odwala amayera mbee. Zotsatira mumamva tsiku lomwelo, ndipo malowo akakhala ochepa amawatentha kapena kuwaziziritsa ndi kachipangizo. “VIA positive” si chiweruzo cha imfa, ndiponso nthawi zambiri si khansa. Ndi moto wogwidwa ukadali pa udzu wa kunja. Manyazi ndimawamvetsa, tonse tinaleredwa nawo, koma kuyezaku n'kwa mphindi zochepa poyerekeza ndi kuchira kumene tinapirira kale. Amene akulimbikitsidwa kwambiri ndi amayi a zaka 25 mpaka 49, ndipo amene ali ndi HIV ayenera kuyezetsa pafupipafupi. Kuyambira mu 2019 boma linayamba kupereka m'dziko lonse katemera wa HPV kwa atsikana, woteteza ku kachilombo koyambitsa khansayi. Agogo, funsani ngati adzukulu anu analandira.

Atsogoleri a magulu afunse tsiku loyezera pa chipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde, cha Balaka, cha St Luke's ku Malosa, kapena chaching'ono chimene muli nacho pafupi, kuti ofuna apite limodzi. Pa msonkhano wotsatira aliyense abweretse chubu kapena botolo la mankhwala opaka limene lili kunyumba, tidzawerengere pamodzi zolembedwapo. Kabuku ka kuchipatala n'kachinsinsi, choncho wofuna kuthandizidwa kuwerenga kake asankhe yekha mnzake womukhulupirira, akhale awiri pambali.