Nsengwa ndi Mahomoni Ake: Mafunso ndi Mayankho

Kodi nsengwa ili ndi ntchito ina kupatula kudyetsa mwana?

Ili nayo yaikulu. Ikatuluka pambuyo pa mwana imalemera pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo ambiri amangoiyesa chotsalira, koma miyezi yonse ija imakhala ikupanga mahomoni. Woyamba ndi hCG, uja amatulutsa mzere wachiwiri pa kachipangizo koyezera mimba ndi mkodzo. Iyeyu amachititsa kuti thumba la mazira la mayi lisasiye kupanga progesterone, homoni yosunga mimba, kufikira nsengwa itatenga ntchitoyo cha m'sabata 8 mpaka 10. Wina ndi hPL, amene pofika kumapeto kwa mimba amapangidwa pafupifupi galamu imodzi patsiku.

Nanga ma growth factor, amene amalamulira mahomoniwa, n'chiyani?

Ndi timapuloteni timene selo imatulutsa pouza maselo oyandikana nayo kuti akule, agawikane kapena asinthe ntchito. Stanley Cohen wa ku America anapeza imodzi mwa izo, EGF, mu 1962 m'ziwalo zopanga malovu za mbewa, ndipo mu 1986 analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi Rita Levi-Montalcini.

Kodi zimalamulira bwanji mahomoni?

Mahomoni ambiri amapangidwa pa chikopa chakunja cha nsengwa, chimene chimakhudzana ndi magazi a mayi. Pansi pa chikopacho pali maselo aang'ono amene amalumikizana n'kusanduka chikopa chomwecho. Akatswiri akaika maselowa m'kambale ka mu labotale n'kudonthezapo EGF, maselo amalumikizana msanga ndipo hCG ndi hPL amachuluka. Akaikapo growth factor ina yotchedwa TGF-beta, mahomoni awiriwo amatsika, ndipo maselo amachepetsa kulowerera m'khoma la chiberekero. Activin nayo imakweza hCG ndi progesterone.

Zili ngati pangolo: pamafunika wokusa ng'ombe ndi wogwira buleki. Maselo akalowerera pang'ono chabe, mitsempha ya mayi sitakasuka mokwanira ndipo mwana amaperewedwa chakudya.

Zikasokonekera chimachitika n'chiyani?

Chitsanzo chodziwika ndi cha PlGF, imene inapezeka ku Naples mu 1991 ndipo imathandiza mitsempha ya magazi kukula. Mu 2003, gulu la Ananth Karumanchi ku Boston linasonyeza kuti nsengwa ya mayi wodwala pre-eclampsia imatulutsa puloteni yochuluka yotchedwa sFlt-1, imene imagwira PlGF n'kuilepheretsa kugwira ntchito. Mitsempha ya mayi imavulala: magazi amathamanga, mumkodzo mumapezeka puloteni, nkhope ndi manja zimatupa, mutu umawawa kwambiri, ndipo matendawo akakula mayi amakomoka. Ku Britain zipatala zimayeza PlGF m'magazi a mayi amene akukayikiridwa. Kusikelo, namwino amagwira vutoli poyeza BP ndi mkodzo.

Bwanji amayi ena amadwala shuga ali oyembekezera pokha?

hPL ndi mahomoni anzake amachititsa kuti thupi la mayi lisamvere insulin kwenikweni, kuti shuga wambiri atsale m'magazi n'kupita kwa mwana. Kapamba wa amayi ambiri amangoonjezera insulin ndipo zonse zimayenda. Kwa ena kapamba amalephera, shuga n'kukwera, makamaka mimba ikadutsa miyezi isanu. Nsengwa ikatuluka, hPL amatha m'magazi m'maola ochepa ndipo shuga wa amayi ambiri amabwerera m'malo. Komabe amalangizidwa kukayezetsanso patapita masabata angapo atachira, chifukwa mayi wotere akhoza kudzadwala shuga m'tsogolo.