Abwana akuti ndizigwira ntchito pa Sabata

Funso: Ndine mayi wa mpingo wa Seventh Day Adventist, ndimagulitsa m'sitolo ya zipangizo za ulimi pa Namitete. Pondilemba ntchito tinagwirizana pakamwa kuti Loweruka ndizipuma. Tsopano dzinja layandikira, alimi akudzaza kudzagula feteleza ndi mbewu, ndiye abwana akuti ndizibwera Loweruka, ndikakana ndione msana wa njira. Kodi lamulo likuti bwanji?

Mayi wodandaula, Namitete

Yankho: Mayi, chikhulupiriro chanu nchotetezedwa. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, ndipo gawo 5 la Employment Act ya 2000 limaletsa wolemba ntchito kusala wantchito chifukwa cha chipembedzo. Amalawi tikudziwa kuwawa kwa tsankho lotere: mu 1972 a Mboni za Yehova ambiri anachotsedwa ntchito chifukwa chokana kugula khadi la chipani.

Koma ndisakunamizeni. Palibe pamene lamulo likunena kuti wa Sabata aliyense azipuma Loweruka. Chimene gawo 36 la Employment Act limanena nchakuti musagwire masiku oposa 6 otsatizana osapuma maola 24, ndipo tsiku lopumalo likhale lozolowereka kapena limene awirinu mwagwirizana. Mphamvu yanu ili pa pangano lija. Vuto ndi lakuti linali la pakamwa, ndipo mawu a pakamwa savuta kukana. Alipo amene anamva? Mwakhala mukupuma Loweruka abwana osadandaula? Umenewo ndi umboni.

Musangojomba. Alembereni kalata yaulemu yowakumbutsa panganolo, musunge kope lake, ndipo muikemo njira: muzibwera Lamlungu, kapena muzisinthana ndi mnzanu wopemphera Lamlungu. Nkhani ikafika kubwalo la milandu, bwalolo likhoza kuyang'ananso ngati bwana akanatha kukumverani popanda kugwetsa malonda ake.

Akakuchotsanibe, gawo 57 la Employment Act limafuna chifukwa chomveka, komanso kuti akumveni mbali yanu kaye. Kadandauleni kwa mkulu woona za ntchito wa boma la Lilongwe isanathe miyezi 3. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, kumene abwana ndiwo ayenera kuonetsa chifukwa chimene anakuchotserani. Bwalolo likhoza kulamula kuti mubwerere pa ntchito kapena mulandire chipukuta misozi.