Kachipangizo Koyezera Malungo: Chifukwa Chake Kamabwera Kotsekedwa

Ambiri mwa inu amene mumabwera ku chipatala mwaonapo kachipangizo koyera kapulasitiki kamene a zaumoyo amadonthezamo magazi a kuchala poyeza malungo. Kanayamba kupezeka m'zipatala za boma m'Malaŵi muno m'chaka cha 2011, bungwe la WHO litalangiza mu 2010 kuti wodwala aziyamba wayezedwa asanalandire mankhwala. Mwezi uno tiyeni tione za m'kati mwake.

M'kachipangizoka muli kampepala kopyapyala kokhala ndi timipata tosaoneka ndi maso. Magazi ofunika ndi mamaikulolita 5 okha. Amenewa ndi ochepa kwambiri, kotero kuti supuni yaing'ono ya tiyi ingakwanire kuyeza anthu 1,000. Amayi amene mumadandaula kuti mwana atha magazi, mtima ukhale m'malo. Magaziwo amaikidwa pa kabowo kamodzi, ndipo pa kabowo kena amathirapo madontho a madzi a mankhwala ochokera m'kabotolo. Madziwo amatenga magazi nayenda nawo m'timipata tija, monga momwe parafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi popanda womukankha. Panjira pali timizere tiŵiri topakidwa mankhwala ouma. Ka pa chilembo cha T kamagwira zinthu zochokera ku tizirombo ta malungo. Ka pa C kamangochitira umboni kuti madzi ayenda bwino mpaka kumapeto. Mzere wa pa C ukapanda kuoneka, kuyezako kwalephereka ndipo kuyenera kubwerezedwa.

Mankhwala oumawa mdani wake wamkulu ndi chinyezi. Ndicho chifukwa chake ku fakitale amamata kachipangizo kalikonse m'kathumba kakekake konyezimira kosaloŵa mpweya, pamodzi ndi timibulu toyamwa chinyezi. Kathumbako kakabooka, ngakhale pang'ono ngati pobaya singano, mpweya wa nthaŵi ya dzinja umaloŵa nkuononga mankhwala aja. Kunja kachipangizoko kamaonekabe kabwinobwino, ndipo apa ndi pamene pagona ngozi, pakuti kangathe kunena kuti mwana alibe malungo iye ali nawo.

Chaka china ndikuyendera chipatala china chaching'ono, ndinapeza wantchito atang'amba timatumba tambiri m'mamaŵa, nkuyala tizipangizo pa thebulo pafupi ndi zenera. Anati ankafuna kuti mzere wa Lolemba uyende msanga. Cholinga chake chinali chabwino, koma tonse tija tinatitaya, ndipo ana amene anali atayezedwa kale tinawaitananso. Choncho si mwano kupempha mwaulemu kuti kathumba katsekulidwe inu mukuona, ndi kuti tsiku lotha mphamvu liŵerengedwe.

Mukabayidwa kuchala, dikirani mphindi 15 kapena 20, malinga ndi mtundu wa kachipangizo. Madzi aja sangafulumizidwe, ndipo mzere wofooka umachedwa kutuluka. Ngakhale uoneke mozimiririka, mzere wa pa T ndi malungo ndithu, ndipo wodwala alandire LA ndi kumaliza masiku onse 3.

Dziŵaninso kuti mzere wa pa T ungathe kuonekabe kwa masabata angapo munthu atachira, chifukwa zotsalira za tizirombo zimachedwa kutha m'magazi. Ngati mwana anamwa LA posachedwapa ndipo thupi latenthanso, uzani a zaumoyo asanamuyeze, ndipo muwaonetse buku lake la kuchipatala kuti aone ngati nkofunika kuyeza pa maikulosikopu kapena kufufuza matenda ena.