Alendo a ku Nyenyezi Akadza, Adzafuna Ciani?

Usiku wa m'cilimwe, mitambo itacoka, turukani pabwalo muyang'ane kumwamba. Nyenyezi iri yonse ndi dzuwa, ndipo zambiri ziri ndi maiko ozizungulira. Akatswiri apeza kale maiko otere oposa 5,000. Palibe munthu amene anaonako camoyo. Koma tiyese kuti kuli anthu anzeru zoposa zathu, ndipo tsiku lina atera ku Katete. Kodi adzafuna ciani?

Kapena mudzati, "Golidi wa ku Vubwi." Iai, ana inu. Golidi ndi citsulo ziripo m'miyala yoyenda mumlengalenga, madzi ouma ngati matalala alikonso ambiri. Munthu sayenda ulendo wautali kukatola cimene wacisiya pakhomo pace. Cimene sicinapezeke kwina ndico moyo: mtengo wa msuku, njuci, mbeu za nsawa za ku Sinda, ndi munthu wolankhula. Gule Wamkulu amene abvinidwa pa Kulamba ku Mkaika, pamaso pa Kalonga Gawa Undi, sangapezeke pa nyenyezi ina.

Koma akulu anati, "Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa." Kalumo kameta, komanso kaceka. M'caka ca 1898 Azungu, atamva kuti m'dziko la Mpezeni muli golidi, anathira nkhondo Angoni, napha Nsingo, nalanda ng'ombe zikwi zambiri. Golidi amene anamuyembekeza sanampeze. Mwina alendo a ku nyenyezi angationenso ngati nyerere, zimene mlimi aziponda popanda kudana nazo.

Ngakhale ziri conco, anthu anatumizako moni. M'caka ca 1977 dziko la America linaponya kumwamba zombo ziwiri zochedwa Voyager. Ciri conse cinanyamula mbale yokutidwa ndi golidi, momwe muli mau a moni m'zinenero 55. Cimodzi mwa izo ndi Cinyanja cathu, cofunsa a kumwamba ngati ali bwino. Zombozo zikali kuyenda.

Kapena alendowo sadzafika konse. Koma ngati cuma ca dziko lapansi ndi moyo ndi cinenero, ndiye kuti wotentha thengo, ndi wocita manyazi ndi cinenero ca amai ace, ataya cimene sicingagulidwe kwina kuli konse.

Mafunso
1. Cifukwa ninji alendowo sangadzere golidi?
2. Cinacitika nciani m'caka ca 1898?
3. Lembani moni umene inu mukadatumiza ku nyenyezi.